Tsiku Limene a Merle Anapita Okha

Darla anali atagona chagada kunsi kwa galimoto yake, miyendo yokha ikuonekera, pamene mchimwene wake Wendell analowa m'shedi atanyamula makapu awiri a khofi.

"Tandipatsirani sipanala yaing'onoyo, achimwene."

Wendell anaika makapu pamgolo wa mafuta nayang'ana patebulo la zipangizo. Panali wailesi yolankhulirana ya bambo awo, ija inkakhala kutsogolo m'pikapu, mbali imodzi itang'aluka, matope atauma m'mipata ya mabatani. Pambali pake panali mlongoti wopindika ndi buku la mapu limene masamba ake anali atamatana ndi madzi.

"Izi wazitenga kuti?"

"Kumene anakokera pikapu ija. Ndalawirira m'mawa."

"Bambo tawaika m'manda dzulo lomweli, Darla."

"Ndikudziwa. Ndinalipo."

Darla anatuluka kunsi kuja modzikhwekhwereza, natenga yekha sipanalayo. Tsitsi lake linali ndi fumbi, maso otupa.

Bambo awo, a Merle Unruh, anali mlimi wa tirigu kumadzulo kwa Kansas. Kwa zaka makumi atatu analinso m'gulu la anthu ongodzipereka amene namondwe akamayandikira amatuluka kukaima m'misewu ya kumunda, n'kumauza ofesi ya boma pa wailesi zimene mitambo ikuchita, kuti lipenga lochenjeza m'tauni lilire nthawi ikadalipo. Ndiye mwezi wa Meyi ukafika, ntchito ikachepa, ankapita kutali, mpaka ku Oklahoma kapena ku Nebraska, kulondola akamvuluvulu chabe chifukwa mtima unali komweko. Anzawo ankawatcha Kamba. Ena akamathamangira kufupi kuti ajambule bwino, a Merle ankaima patali, galimoto italoza kale kothawira. Ankati munthu wakufa sasimba nkhani.

Lachisanu lapitalo kamvuluvulu anatera m'minda ya kumpoto n'kutha osapha ngakhale nkhuku. A Merle anamuona, anadziwitsa ofesi, anatembenuka. Pobwerera, dzuwa likuwala kale kumadzulo, matayala anaterereka pa tala wodzaza madzi, pikapu n'kugubudukira m'ngalande. Anali okha.

"Akuti lero masana kukhala koipa kuposa Lachisanu," anatero Darla akumanga wailesi ija m'galimoto yake. "Aofesi aimba foni. Mbali ya kumadzulo kulibe maso. Anali malo a bambo."

"Apeze wina."

"Ndani? Aliyense ali ndi msewu wake. Kumeneko kuli sukulu, kuli nyumba ya okalamba. Makina awo oonera nyengo aja amaona mtambo ukuzungulira m'mwamba, koma pansi saona. Pamafunika munthu."

"Ndiye ukufuna amayi aike anthu awiri sabata imodzi."

Darla anamwa khofi wake pang'ono, naika kapu pansi.

"Sindipita ndekha. A Orval akubwera."

"A Orval ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu."

"Anayendetsa makalata m'misewu imeneyi zaka makumi anayi. Amadziwa msewu umene umathera pa chipata cha ng'ombe ndi umene umatulukira pa tala. Inu ku Denver kwanu mumasochera pomwe mwaimika galimoto."

Wendell sanaseke. Anatenga kapu yake n'kubwerera kunyumba.

M'khitchini anapeza mayi awo, a Lorene, atandanda mbale patebulo. Kuyambira Loweruka anthu a kutchalitchi ndi oyandikana nawo ankabwera ndi chakudya, wina nyama yootcha, wina mbatata zophika ndi tchizi, wina chitumbuwa cha zipatso, mpaka firiji inakana kutsekeka. Tsopano a Lorene ankatsuka mbalezo imodziimodzi, kutembenuza kuti aone dzina lolembedwa kunsi, n'kuziika m'milu malinga ndi msewu umene mwini wake amakhala.

Wendell anatenga kansalu nayamba kupukuta. Panali patatha zaka zitatu asanaime m'khitchini imeneyi. Mwana wake Nell atabadwa, iye ndi mkazi wake Corinne anakonza zokamupereka kutchalitchi Lamlungu lina la mwezi wa Meyi. A Lorene anafika ku Denver okha pa basi. A Merle anatsala, ati kumwamba sikunkaoneka bwino, ndipo madzulo ake anaimba foni kupepesa, mawu awo ali ndi chimwemwe chimene analephera kubisa chifukwa anali ataona akamvuluvulu awiri tsiku limodzi. Wendell anadula foniyo. Kuchokera apo nkhani zonse zinkadzera mwa amayi. A Merle anamuona Nell kamodzi kokha, ali khanda la masiku anayi. Dzulo ndi pamene mwanayo anaponda koyamba pamunda wa agogo ake, kudzaona bokosi likutsika, ndipo madzulo omwewo anabwerera ndi mayi ake chifukwa Corinne ankayembekezeka kuntchito.

"Amayi, ndayankhula ndi Corinne," anatero Wendell. "Chipinda chilipo kwathu ku Denver. Munda tikhoza kubwereketsa kwa a Koehn oyandikana nafewa, akhala akuufuna kalekale. Simungakhale nokha kuno."

"Tirigu watsala mwezi umodzi kuti ache."

"A Koehn akolola."

"Bambo ako anafesa tirigu ameneyu. Ndimuona akulowa m'nkhokwe ndi maso angawa, kenako tidzakambe za Denver." Anatembenuza mbale ina. "Iyi ndi ya a Schmidt. Ika apo."

"Nanga Darla? Mungomusiya apite?"

"Darla ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi."

Chitseko cha kumbuyo chinatseguka, Darla n'kulowa kudzasamba m'manja. Wendell anaika mbale pansi mwamphamvu kuposa mmene ankafunira.

"Zinthu zimenezi ndi zomwe zawapha," anatero. "Tonse tikudziwa, koma palibe akufuna kunena. Dzulo kumanda aliyense ankati anali munthu wosamala, munthu wosamala. Munthu wosamala amakhala pakhomo pake. Ndipo lamulo lawo loyamba linali lotani? Tinaliimba ngati nyimbo tili ana. M'galimoto muzikhala awiri, wina maso pamsewu, wina maso kumwamba. Ndiye zinatheka bwanji kuti akhale okha? Iwe unali kuti?"

Madzi ankangotuluka pampopi. Darla sanatembenuke.

"Ndinali kuntchito," anatero. "Anandiimbira cha m'ma wani koloko. Tinali ndi ng'ombe imene mwana anapingasa m'mimba, adokotala a ziweto ali okha. Ndinawauza kuti ndidikireni ola limodzi. Anati namondwe sadikira ng'ombe. Ndinati ndiye tengani a Orval. A Orval anali kuchipatala cha maso." Anatseka mpopi. "Ndikanakhalapo ndikanayendetsa ine. Pobwerera ndinkayendetsa ine nthawi zonse, chifukwa bambo akatopa phazi linkalemera, komanso ankakonda kucheukira mtambo. Mukuganiza kuti sindikudziwa zimenezi, achimwene? Ndakhala ndikuyendetsa msewu umene uja m'mutu mwanga kuyambira Lachisanu."

Wendell anatsegula pakamwa, koma a Lorene anayamba ndiwo.

"Anandipempha ine."

Onse awiri anawayang'ana. A Lorene anali atagwira mbale yagalasi, akuipukuta ngakhale inali youma kale.

"Anaima pakhomo apo, chipewa chili m'manja. Anati, Lorene, tiye ungokhala pampando, uzingondiuza ndikamathamanga. Zaka makumi atatu akhala akundipempha, zaka makumi atatu ndikukana, mpaka inasanduka nthabwala yathu. Ndinati ndili ndi buledi mu uvuni. Anaseka, anati buledi ameneyo wakhala mu uvuni kuyambira tsiku la ukwati. Anatuluka." Anaika mbale ija pamulu wake. "Buledi analimodi. Ndiye ngati ukufuna wokhala ndi mlandu, Wendell, tilipo awiri. Usankhe. Koma bambo ako anali munthu wamkulu. Anadziwa lamulo lake, analiyeza ndi sukulu ija, anasankha. Analakwitsa pa msewu wonyowa, monga amalakwitsira anthu. Usandilande mwamuna wanga n'kumusandutsa chitsiru kuti mtima wako upepuke."

 Wendell anatolanso kansalu kaja.

A Orval Schrag anafika cha m'ma thuu koloko, atavala malaya omwewo a kumaliro, botolo la khofi lili kukhwapa. Kunja kunali kotentha monyowa, mphepo ikuchokera kum'mwera mosalekeza, tirigu akuweramira mbali imodzi. Kumadzulo mitambo yoyera inali itayamba kuunjikana.

"Wendell, mwana wanga," anatero a Orval akumugwira dzanja. "Wanenepa. Akukudyetsa bwino ku Denver."

"Mumusamale, a Orval."

"Uyu? Ndi iyeyu amasamala ine. Ine ntchito yanga ndi mapu ndi kudandaula."

Darla anali kale pachiongolero. Wendell anazungulira galimotoyo pang'onopang'ono, nagwada pa tayala lililonse, kulowetsa chala m'mizere yake. Sanaganize zochita zimenezo, manja anangochita okha. Atafika pawindo anafunsa osamuyang'ana.

"Mafuta?"

"Odzaza."

"Ukaima pati?"

"Pamphambano ya tchalitchi chakale, kum'mwera chakum'mawa kwa mtambo. Kunja kwa msewu, injini ikulira."

"Kothawira?"

"Tala wa kum'mwera. Ukatsekeka, wa kum'mawa. Msewu wadothi sindiponda, mvula ikangogwa umasanduka sopo. Mumvula sindilowa. Pansi pa mlatho sindibisala. Kukayamba ziphaliwali sindituluka m'galimoto. Kukada ndili pakhomo." Anamuyang'ana. "Ndakhoza, aphunzitsi?"

"Pobwerera uyende pang'onopang'ono."

Darla anangogwedeza mutu, nakweza galasi.

Masana onse Wendell anakhala ndi mayi ake m'khitchini, wailesi yomvera mauthenga ili pamwamba pa firiji. A Lorene ankasoka batani pa malaya a malemuwo, ngakhale panalibe woti adzawavale. Mawu ankalowa n'kutuluka, anthu a m'misewu yosiyanasiyana akutchula malo awo, liwiro la mphepo, kukula kwa matalala. Cha m'ma folo koloko kuwala kwa pawindo kunasintha, kunakhala kobiriwira ngati madzi a padziwe. Mbalame zinaleka kulira.

Kenako anamva mawu a Darla. Wendell sanawazindikire msanga. Anali odekha, osathamanga, ngati munthu akuwerenga mndandanda wa zogula kusitolo.

"Ndili pamphambano ya tchalitchi chakale. Mtambo watsika kunsi, mamailosi anayi kumadzulo kwanga. Ukuzungulira. Pansi sindikuona fumbi."

A Lorene anaimika singano.

"Amayankhula ngati bambo ake," anatero.

Panapita mphindi zisanu, mwina zisanu ndi chimodzi. Wendell anaimirira, anakhala, anaimiriranso.

"Fumbi layamba. Watera. Kamvuluvulu ali pansi, akulowera kum'mawa chakumpoto, kulunjika tauni. Lizani lipenga. Ife tikuchoka tsopano, tikupita kum'mwera."

Kumbuyo kwa mawuwo kunamveka a Orval akunena kuti akadali patali, akhoza kuonerera pang'ono, ndipo Darla anawayankha asanatseke wailesi kuti, "Mangani lamba, a Orval."

Lipenga la m'tauni linayamba kulira, mawu ake akufika mofooka kudutsa minda. A Lorene anapinda malaya aja bwinobwino, natenga chikwama chawo cha m'manja ndi kawailesi kam'thumba.

"Tiye," anatero.

Chipinda chobisalamo chinali kuseri kwa nyumba, chokumbidwa pansi, chitseko chake chachitsulo chopendekeka pa kachulu ka udzu. Pamene ankadutsa pabwalo matalala oyamba anali atayamba kugwa, apa limodzi apo limodzi, aakulu ngati mazira a nkhunda. Wendell anagwira mayi ake pamkono potsika masitepe, nakoka chitseko, nalowetsa mpiringidzo. A Lorene anayatsa nyali ya mabatire osafufuza pomwe inali.

Anakhala pabenchi moyandikana. Pamwamba matalala ankamenya chitsulo mwakuti kuyankhulana kunali kosatheka. Kenako kunabwera mphepo, kulira kwakukulu kosadukiza, ndipo Wendell anamva makutu ake akutsekeka. China chake cholemera chinagwa pabwalo n'kukhwekhwerezeka. Anazindikira kuti wagwira dzanja la mayi ake, ndipo kuti iwo ndi amene ankamusisita ndi chala chachikulu, monga ankachitira ali mwana.

Sizinatenge nthawi. Phokoso linayamba kutalikira, kunatsala mvula yokha. Kawailesi kanakhosomola, n'kutulutsa mawu a munthu wa kuofesi: kamvuluvulu wadutsa kumpoto kwa tauni, wasasula nkhokwe ziwiri ndi denga la nyumba ya okalamba, koma onse anali atawatsitsira kale m'chipinda cha pansi. Ana asukulu ali bwino. Anayamba kuitana anthu ake mmodzimmodzi. Dzina la Darla linali lachinayi.

"Tili bwino," anayankha Darla. "Taima pa sitolo ya mafuta, mamailosi khumi kum'mwera. Tidikira msewu uyambe wauma. A Orval ataya khofi pa mapu."

A Lorene anatulutsa mpweya wautali. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, kamodzi kokha.

Wendell anakwera masitepe n'kukankha chitseko. Kunja kunkanunkha masamba osweka ndi dothi lonyowa. Nyumba inali chiimire, koma mphepo inali itasasula mbali ya denga la shedi, malata ndi matabwa a misomali zili mbwee pabwalo lonse, pamodzi ndi magalasi a windo la khitchini. Anaponda sitepe yomaliza.

"Usatuluke ndi nsapato zimenezo," anatero mayi ake ali pansi. Wendell anali atavalabe nsapato zake zakuda za kumaliro, zopyapyala kunsi. "Msomali ulowa ngati mu batala. Bambo ako ankati anthu ambiri amapulumuka mphepo n'kukavulala pabwalo pawo. Tsika utenge zako."

"Zanga ziti?"

"Pashelefu yam'munsi, kuseri kwa mabotolo a madzi."

Wendell anatsikanso, natenga nyali, nagwada. Kuseri kwa mabotolo kunali jombo zachikopa zitandandalikidwa mzere umodzi, iliyonse ili ndi sokosi zopindidwa m'kati ndi kapepala komata pachidendene. Zilembo zinali za bambo ake, zazikulu, zopendekera kumanzere. Lorene. Merle. Darla. Wendell. Corinne. Chikopa chinali chofewa, chopakidwa mafuta posachedwa.

Kumapeto kwa mzerewo kunali tijombo tofiira, tosadzaza n'chikhatho chake chomwe, timene tinali tisanapondepo pansi. Nell, zaka zitatu. Kumbuyo kwake kunali tina tating'ono kuposa pamenepo, ndipo kumbuyo kwa timeneto tinanso, tansalu, ta mwana amene sanayambe kuyenda.

"Chaka chilichonse mwezi wa Malichi bambo ako ankandituma ndimufunse Corinne kuti phazi la mwanayo lafika pati," anatero a Lorene. "Ankati ndisanene kuti akufunsa ndi iwo. Takaleto ankakana kutaya."

Wendell anakhala chogwada kwa kanthawi, nyali ili m'manja. Kenako anabweza tofiira tija pamalo pake, natiwongola kuti tilingane ndi mzere. Anakhala pa sitepe, anavula nsapato zakuda, navala sokosi ndi jombo zolembedwa dzina lake. Zinamukwana. Anamanga zingwe pang'onopang'ono mpaka pamwamba, natenga za mayi ake, nagwada kutsogolo kwawo kuti awaveke.